Kamuzu: Katswiri wa mbiri yemwe mbiri yake ikadafufuzidwabe

Mwa ana onse amene boma la Kasungu lidabereka, palibe yemwe dzina lake lidamveka kutali ngati Dr Hastings Kamuzu Banda. Mkuluyu adalamulira dziko lino zaka 30, kuchokera mu 1964 mpaka 1994, ndipo adamwalira pa 25 November 1997. Lero Amalawi oposa theka adabadwa iye atagona kale m'manda, choncho zonse zomwe amadziwa za iye n'zongomva.

Zongomvazo zimasiyana malinga ndi khomo lomwe mwana wakulira. Pakhomo pena agogo amasimba za misewu, sukulu, nkhokwe zodzaza ndi chimanga komanso mtendere wogona osakhoma chitseko. Pakhomo loyandikana nalo amasimba za bambo yemwe adatengedwa usiku osabwereranso. Onsewa ndi mboni, ndipo mbonizi zikutha chaka ndi chaka.

Chodabwitsa n'chakuti mwini nkhaniyi adali munthu wokonda mbiri yakale kwabasi. Asadakhale dotolo adayamba watenga digiri ya mbiri ndi ndale ku America, ndipo adathandiza kulemba mabuku a chilankhulo ndi miyambo ya Achewa. Koma atalowa m'boma, mbiri ya masiku ake idasanduka nkhani yongonong'onezana.

Kamtsitsi ka mankhwala

Ngakhale chaka chomwe Kamuzu adabadwa chidavutitsa ofufuza. Mu ulamuliro wake boma linkati adabadwa pa 14 May 1906, ndipo tsikuli ndilo lidasanduka Kamuzu Day. Koma ofufuza, kuphatikizapo mtolankhani wa ku Britain Philip Short yemwe adatulutsa buku la moyo wake mu 1974, adapeza kuti chaka cha 1898 ndicho chikugwirizana ndi nthawi yomwe adayamba sukulu komanso yomwe adachoka kumudzi.

Ngati zili choncho, ndiye kuti adabadwa patangodutsa zaka zitatu chigwere ufumu wa Mwase. Mu December 1895 asilikali a atsamunda adathira nkhondo Mwase Kasungu, Chibisa, pansi pa phiri la Kasungu. Mfumuyo idadziwombera yokha posafuna kugwidwa, ndipo azungu adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Kamuzu adakula pakati pa akuluakulu omwe adaona zimenezi ndi maso awo.

Bambo ake adali Mphonongo Banda ndipo mayi ake adali a mfunda wa Phiri. Dzina lakuti Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono, lidadza kaamba ka mankhwala a mitsitsi omwe mayi ake adamwa atavutika kupeza mphatso ya mwana. Dzina la Hastings adalitenga pobatizidwa mumpingo wa amishoni a ku Scotland.

Sukulu adayambira ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, kenaka adapita ku Chayamba ndi kumishoni ya Chilanga komwe kudali Dr George Prentice wa mishoni ya Livingstonia. Yemwe adamukokera kusukulu adali atsibweni ake, Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi yemwe adaphunzira ku Livingstonia.

Mu 1915 kudagwa nkhani yomwe idasintha moyo wake. Akulemba mayeso oti akapitirize maphunziro a uphunzitsi, Kamuzu, yemwe adali wamfupi, adaimirira kuti aone bwino pabolodi. Woyang'anira mayesowo, mmishoni Thomas Cullen Young, adaganiza kuti mnyamatayo akubera ndipo adamutulutsa. Posakhalitsa Kamuzu adauyatsa ulendo wapansi wolowera kummwera.

Ana a sukulu a nthawi ya chipani chimodzi ankaphunzitsidwa kuti Ngwazi idayenda ulendowu ili kamwana. Kuwerengera kuchokera mu 1898, adali mnyamata wa zaka pafupifupi 17, msinkhu womwe anyamata ambiri a ku Kasungu ankapitira ku Halale ndi ku Joni kukasaka ndalama ya msonkho.

Kuchoka ku Joni kukafika ku Chicago

Poyamba adagwira ntchito yosesa pachipatala cha ku Hartley, tauni yomwe lero ndi Chegutu ku Zimbabwe. Atsibweni ake adamupeza komweko ndipo awiriwo adapitirira ku South Africa, komwe adayamba akumba malasha ku Natal. Kenaka Kamuzu adapeza ntchito ya ukalaliki ndi kutanthauzira pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg.

Kumeneko adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal (AME), womwe udayambitsidwa ndi anthu akuda a ku America. Mu 1924 Hanock Phiri adabwerera kumudzi ali mbusa nakhazikitsa mpingowu ku Mdabwi m'boma la Kasungu, pomwe mu 1925 Kamuzu adakwera sitima ya pamadzi kupita ku America ndi thandizo la mpingo womwewo.

Adamaliza sekondale ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mu 1928, adapita ku Indiana University, kenaka ku University of Chicago komwe adalandira digiri ya mbiri ndi ndale mu 1931.

Ali ku Chicago adakumana ndi Mark Hanna Watkins, wophunzira wakuda wa ku America yemwe ankafufuza za zilankhulo. Kwa miyezi yambiri Kamuzu ankakhala pansi ndi Watkins n'kumamutchulira mawu, ziganizo ndi nthano za kwawo. Zotsatira zake zidali buku la malamulo a chilankhulo lotchedwa A Grammar of Chichewa, lomwe lidatuluka mu 1937. Chichewa cha m'bukumo ndi cha ku Kasungu, ndipo dzina lakuti Chichewa lidaikidwa pachikuto nthawi yomwe mabuku a sukulu ndi Baibulo ankati Chinyanja.

Chaka chomwecho cha 1937 Kamuzu adamaliza maphunziro a udotolo ku Meharry Medical College ku Tennessee. Popeza atsamunda sakadamulola kugwira ntchito ku Nyasaland ndi mapepala a ku America okha, adapita ku Edinburgh ku Scotland komwe adapambana mayeso ena mu 1941. Atalephera kugwirizana ndi boma komanso amishoni pa za ntchito kuno kumudzi, adakhazikika ku Britain n'kumachiza odwala ku Liverpool, North Shields ndi London.

Ku Scotland adakumananso ndi Cullen Young, yemwe uja adamutulutsa m'mayeso. Awiriwa adagwirizana ndipo mu 1946 adatulutsa buku la Our African Way of Life. M'bukumo adamasulira m'Chingerezi nkhani za miyambo zomwe adalemba Amalawi atatu, John Kambalame, E.P. Chidzalo ndi J.W.M. Chadangalara. M'mawu oyamba a bukulo adafotokoza kuti Achewa, Anyanja ndi Amang'anja ndi anthu amodzi ochokera ku ufumu wa Maravi. Ganizo limeneli adalisunga mpaka adalowa nalo m'boma.

Kuphwanya chitaganya

Ali ku London, Kamuzu ankatsatira zonse za kwawo. Ankatumiza ndalama ndi malangizo ku chipani cha Nyasaland African Congress chomwe chidayamba mu 1944, ndipo mu 1945 adakhala nawo pamsonkhano waukulu wa atsogoleri akuda ku Manchester pamodzi ndi Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta. Adalimbana kwambiri ndi ganizo lophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, koma chitaganya chidakhazikitsidwabe mu 1953. Chaka chomwecho adasamukira ku Kumasi m'dziko lomwe lero ndi Ghana.

Anyamata a Congress monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza ankafuna munthu wamkulu, wophunzira, yemwe mafumu ndi anthu akumudzi angamumvere. Adamulembera makalata omupempha kuti abwere, ndipo pa 6 July 1958 adatera pabwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40.

Pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira. Ichi ndicho chidabala mphekesera, yomwe ena amaikambabe m'maminibasi, yakuti yemwe adabwerayo sadali mwana wa ku Kasungu uja. Komatu atsibweni ake a Hanock Phiri adali moyo ndipo adamulandira, komanso makalata omwe ankalembera anthu a kwawo ali kunja adasungidwa.

Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti zinthu zafika poipa m'dziko, ndipo Kamuzu adamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo, lero Gweru. Komiti ya Devlin yomwe idafufuza za chipwirikiticho idapeza kuti anthu 51 adaphedwa, 20 mwa iwo padoko la Nkhata Bay. Iye ali m'ndende, Orton Chirwa adayambitsa Malawi Congress Party (MCP), ndipo Kamuzu atatuluka pa 1 April 1960 adapatsidwa utsogoleri wa chipanicho.

MCP idapambana chisankho cha mu August 1961, Kamuzu adakhala nduna yaikulu mu February 1963, chitaganya chidatha pa 31 December 1963 ndipo pa 6 July 1964 dziko lidalandira ufulu. Dzina lakuti Malawi lidachokera ku Maravi, ufumu womwe uja adaulemba m'buku zaka 18 m'mbuyomo.

Mayina osatchulidwa

Chimwemwe sichidakhalitse. Patangotha miyezi iwiri, mu September 1964, Kamuzu adasemphana ndi nduna zake pa nkhani monga ya tiki yolipira kuchipatala, kuchedwa kukweza Amalawi pantchito za boma komanso ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa, pomwe Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo. Ambiri adathawira kunja.

Kuyambira pamenepo anthuwa ankatchedwa zigawenga. Kutchula mayina awo mwaulemu, kusunga zithunzi zawo kapena kulandira kalata yawo kunkatha kumupititsa munthu kundende popanda kuzengedwa mlandu. Nkhani ya momwe ufulu udabwerera idatsala ndi munthu mmodzi yekha, ndipo wailesi ya MBC, nyimbo za mbumba ndi mabuku a sukulu zinkabwereza yomweyo.

Mu 1966 Malawi idakhala ripabuliki ya chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala mtsogoleri wamuyaya. Mu 1968 kudakhazikitsidwa lamulo lopatsa mphamvu bungwe la Censorship Board kuletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Buku la Philip Short lija silinkaloledwa m'dziko muno.

Kusukulu ya ukachenjede ya Chancellor College, yomwe lero ndi University of Malawi, kudali nthambi ya mbiri yamphamvu. Ophunzira a chaka chomaliza ankatumizidwa kumidzi kwawo kukacheza ndi nkhalamba n'kulemba zomwe amva. Akatswiri monga Kings Phiri, Owen Kalinga ndi Harry Langworthy adafukula zambiri za Kalonga, Undi, Mwase Kasungu ndi Kyungu. Koma za ndale za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zidali ngati msampha, ndipo kuti munthu awerenge mafailo kumalo osungira zolemba za boma a National Archives ku Zomba ankayenera kupeza chilolezo cha boma. Kalinga adadzalemba mu 1998 momwe Kamuzu ndi chipani chake adaumbira mbiri ya dziko lino.

Mwini wake sadasiye kuphunzitsa mbiri. Pamisonkhano ankatha maola akufotokoza za malire akale a Maravi, za John Chilembwe ndi za ulendo wake wa ku Joni. Msonkhano waukulu wa MCP wa mu 1968 udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi. Mu 1972 adakhazikitsa Chichewa Board, ndipo m'zaka zomwezo ankapita yekha ku Chancellor College kukaphunzitsa Chichewa chomwe iye ankati ndicho cholondola.

Mu 1981 adatsekula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja. Ana anzeru ochokera m'maboma onse ankaphunzira ulere Chilatini, Chigiriki ndi mbiri ya Aroma. Koma pa nthawi yake aphunzitsi adali azungu okhaokha, ndipo Chichewa chomwe ankachinyadiracho sichinkaphunzitsidwa pasukulupo.

Mchikumbe wamkulu ndi fodya wa ku Kasungu

Kamuzu ankati chuma chili m'nthaka, ndipo chaka chilichonse ankayendera minda m'zigawo zonse. Kwawo ku Kasungu ndiko kudaonekera bwino zomwe ankatanthauza. Minda ikuluikulu ya General Farming ndi Press Farming, makampani omwe adali m'manja mwake, idatambalala m'zidikha za bomali. Bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority lidaphunzitsa Amalawi kulima fodya wa fulu, yemwe kale adali wa azungu okha. Nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma adalimbikitsidwa kutenga ngongole kubanki n'kutsekula maesiteti.

Tauni ya Kasungu idakula, msewu wa tala udafika, ndipo nyumba yake ya Nguru ya Nawambe idamangidwa paphiri moyang'ana zidikhazo. Dziko lidapeza ndalama zakunja ndipo anthu ambiri adapeza ntchito.

Mbali inayo ya nkhaniyi amaidziwa bwino ndi alimi ang'onoang'ono. Lamulo la Special Crops Act linkapereka fodya wa bale ndi wa fulu kwa okhawo okhala ndi chiphaso, omwe ambiri adali eni maesiteti. Mlimi wamba ankagulitsa mbewu zake ku Admarc, yomwe idayamba mu 1971, pamtengo wotsika poyerekeza ndi wa kuokushoni, ndipo phindu lina la Admarc linkathandiza kukuza maesiteti omwewo. Malo ambiri a mafumu adasanduka a lizi, ndipo mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi adabwera kudzakhala matenanti. Alimi wamba adayamba kuloledwa kulima bale cha mu 1990.

Mikangano ina ya malo yomwe imamveka m'bomali mpaka lero idayambira m'zaka zimenezo. Banja lomwe likufuna kudziwa momwe munda wa makolo udapitira limafunika zinthu ziwiri, mapepala a lizi ndi umboni wa nkhalamba zomwe zidaona malire akale.

Ngozi ya ku Thambani

Ulamuliro wa ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, udali ndi mano. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo ayufi ndi apayoniya ankaonetsetsa zimenezi. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atawotcheredwa nyumba. Ndende za Mikuyu, Dzeleka ndi Zomba zidasunga anthu ambiri osazengedwa mlandu.

Kasungu nayo idalira. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zidapezeka zitafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Gadama adali mwana wa ku Kasungu komanso nduna ya chigawo cha pakati. Boma lidalengeza kuti anthuwa adafa pangozi ya galimoto akuthawa m'dziko, ndipo kwa zaka 11 nkhani idathera pomwepo.

Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa mu December 1981, ndipo Orton adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, adamangidwa mu 1987 n'kutuluka mu 1991 osauzidwa mlandu wake kukhoti.

Zinthu zidatembenuka pa 8 March 1992 pomwe kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse. Mu April Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege, ndipo maiko opereka thandizo adaimitsa ndalama. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha zipani zambiri, ngakhale chigawo cha pakati, Kasungu ili momwemo, ambiri adavotera chipani chimodzi. Pa chisankho cha pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapambana, ndipo Kamuzu adavomera kugonja kudzera pawailesi mavoti asadathe kuwerengedwa. Ngakhale omwe ankamutsutsa amavomereza kuti pamenepa adapulumutsa dziko ku chipwirikiti.

Boma latsopano lidakhazikitsa komiti yofufuza za ku Mwanza motsogozedwa ndi Jaji Mtegha. Komitiyo idamva mboni zambiri, kuphatikizapo apolisi, ndipo idapeza kuti anayiwo adachita kuphedwa, galimoto n'kukankhidwira kuphedi pofuna kuphimba. Mu January 1995 Kamuzu, John Tembo ndi ena adatsekulidwa mlandu, koma mu December chaka chomwecho khoti lidawapeza osalakwa. Mu January 1996 kudatuluka uthenga wa Kamuzu wopepesa Amalawi pa zowawa zomwe zidachitika mu ulamuliro wake.

Adamwalira kuchipatala cha Garden City Clinic ku Johannesburg ndipo adaikidwa mwaulemu wa boma ku Lilongwe pa 3 December 1997.

Mbiri yosinthasintha ndi boma

Chimwalirireni, dzina la Kamuzu lakhala likukwera ndi kutsika malinga ndi yemwe ali pampando. Mu ulamuliro wa Muluzi dzinali lidachotsedwa pabwalo la ndege la ku Lilongwe, pabwalo la masewero la ku Blantyre ndi pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Bingu wa Mutharika adalibwezeretsa, adatsekula chiliza chake mu 2006 ndipo adabwezeretsanso tchuthi cha pa 14 May. Msewu waukulu wa ku Blantyre udatsalabe ndi dzina la Masauko Chipembere.

Mu 2012 nkhope ya Kamuzu idaikidwa pa K1,000, pomwe ya Rose Chibambo, yemwe adakhala kunja zaka pafupifupi 30 kaamba ka iye, idaikidwa pa K200. Mlimi wochokera kumsika wa fodya wa Chinkhoma amatha kuwasunga awiriwa m'thumba limodzi osadziwa chomwe chidawalekanitsa.

Maiko ena adasankha kuti mbiri ya masiku apafupi isasiyidwe m'manja mwa andale okha. Ku Germany, komwe mbiri yawo ndi yosiyana kwambiri ndi ya kuno, adakhazikitsa mu 1949 bungwe la Institut für Zeitgeschichte mumzinda wa Munich kuti lifufuze za ulamuliro wa Adolf Hitler. Bungweli limasunga zikalata, limasindikiza zomwe lapeza, ndipo kuchokera mu 1999 limayendetsa malo a chionetsero ku Obersalzberg komwe ana a sukulu ndi anthu wamba amakaona okha umboni. Ku South Africa, komiti ya Desmond Tutu idayamba kumva mboni poyera mu 1996, wailesi ndi kanema zikuulutsa.

Kuno kudalibe komiti yotere. Malamulo a dziko a 1994 adakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti ipepese ndi ndalama omwe adazunzidwa. Anthu zikwizikwi adakapereka madandaulo awo, koma bwaloli lidatsekedwa patatha zaka 10 ambiri asadalandire zonse. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi Martha Chizuma, idatulutsa lipoti lodzudzula momwe nkhaniyi idathera. Mafailo a madandaulowo ndi umboni wa anthu wamba wa zomwe zidachitika m'midzi ndi m'matauni m'zaka 30 zija.

Kafukufuku sadaime. John Lwanda adatulutsa buku lounika ulamuliro wa Kamuzu mu 1993, Sam Mpasu, Vera Chirwa ndi Jack Mapanje adalemba za moyo wawo wa m'ndende, ndipo John McCracken adatulutsa mbiri ya Malawi ya zaka za 1859 mpaka 1966 mu 2012. Makalata ambiri a Kamuzu akusungidwa ku Indiana University komwe adaphunzira. Bungwe la Lost History Foundation nalo lakhala likufukula nkhani za omwe adasowa m'mabuku. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020.

Vuto n'lakuti ambiri mwa mabukuwa ali m'Chingerezi, ndi okwera mtengo ndipo sapezeka ku Santhe, Nkhamenya, Chamama kapena Chatoloma. Kalekale mphunzitsi Samuel Josiah Nthara adayenda kwa mafumu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'chilankhulo cha eni ake, ndipo bukulo lidalowa m'sukulu ndi m'makomo. Mbiri ya zaka za Kamuzu ikufunika ntchito ya mtundu womwewo, yofika kwa anthu kudzera m'mabuku a Chichewa ndi Chitumbuka, m'mawailesi a m'madera ndi m'makalabu a kusukulu.

Mbiri ili m'masutikesi

Zolemba zimatha kutayika. Mu 1919 moto udanyeketsa maofesi a boma ku Zomba ndipo mafailo ambiri a zaka zoyamba za atsamunda adapsa. Zomwe zikudziwika za nthawi imeneyo zidapulumuka chifukwa amishoni, amalonda ndi mabanja adasunga makalata awo, komanso chifukwa nkhalamba zidafunsidwa zikadali moyo.

M'makomo ambiri a ku Kasungu muli umboni womwe ku Zomba kulibe. M'masutikesi muli makhadi a chipani, nsalu za mbumba, ziphaso za Wenela, makalata ochokera ku Joni, timabuku ta ngongole ta matenanti, malisiti a Admarc ndi zithunzi za pa Kamuzu Day. M'matchalitchi muli mabuku a ubatizo, ndipo mafumu amadziwa mabanja omwe adasamutsidwa ndi komwe adalowera.

Njira yomwe ofufuza amatsata ndi yosavuta kuitengera pakhomo. Amalemba dzina la wosimba, mudzi wake ndi tsiku lomwe acheza naye. Amasiyanitsa zomwe munthu adaona yekha ndi zomwe adangomva. Amafunsa chaka poyerekeza ndi zinthu zodziwika, monga njala ya 1949 kapena riferendamu, kenaka amafunsanso munthu wina padera kuti aone ngati nkhani zikugwirizana. Foni ya m'manja yojambula mawu ndi kope la sukulu n'zokwanira kuyambira, bola wosimbayo avomere.

Amasunganso zokoma ndi zowawa zomwe. Mayi yemwe adavina pamaso pa Ngwazi mosangalala ndi mayi yemwe adavina chifukwa choopa ayufi onse ali ndi malo m'kope limodzi.

Zambiri zomwe zimadziwika lero za unyamata wa Kamuzu, za ku Hartley, za mgodi wa malasha ndi za mpingo wa AME, zidasungika chifukwa wofufuza wina, Roderick Macdonald, adakhala pansi ndi Mbusa Hanock Msokera Phiri nkhalambayo ikadali moyo, ndipo adasindikiza zomwe adamva mu 1970. Omwe adali anyamata ndi atsikana pomwe Kamuzu ankatera pa Chileka mu 1958 tsopano adutsa zaka 80.